Anatikweza Yekha, Lero Watiponda: Kodi Timuyankhe?

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Chinamwali mu Zomba ndipo ndimayimba gitala ya bezi m'gulu lathu la anthu asanu. Tinayamba zaka zitatu zapitazo, timayimba rege wosakaniza ndi magule a kwathu kuno, makamaka manganje. Chaka chatha titatulutsa nyimbo yathu yoyamba, mlembi wa magazini ina yolemba za nyimbo ndi zisangalalo anabwera kudzationera tikuyimba pa bala ina, ndipo analemba nkhani yotitamanda kwambiri. Anati ife ndife tsogolo la nyimbo za pa Malawi. Tsamba limenelo mayi anga analimata pakhoma pabalaza.

Mawu amenewo anatipatsa mangolomera. Tinasonkherana ndalama, mnzathu wina mpaka anagulitsa njinga yake ya kabaza, n'kupita ku situdiyo ku Blantyre kukajambula chimbale cha nyimbo khumi m'masiku anayi. Chimbalecho chatuluka mwezi wathawu. Koma Malume, mlembi yemwe uja watinyoza moti tikuchita manyazi kuyenda m'tauni. Walemba kuti nyimbo zisanu ndi imodzi mwa khumizo zikungomveka ngati za Black Missionaries, kuti ng'oma n'zapakompyuta pomwe tili ndi woyimba ng'oma waluso, kuti mawu a woyimba wathu akusemphana ndi zida m'nyimbo ziwiri, ndiponso kuti tinapupuluma. Pomaliza wati tibwerere kukaphunzira.

Panopa gulu lagawikana. Wa ng'oma walemba kale uthenga wautali woti tiike pa Facebook kumuyalutsa mlembiyo. Akuti ndi nsanje, mwinanso wadya za magulu ena. Woyimba wathu wakhumudwa, sakubwera ku mapulakatisi, akuti bola akayambe geni ya kaunjika. Zili choncho, mtolankhani wina watiyimbira foni kuti tikamupatsa K60,000 ya chipondamthengo alemba nkhani yabwino yotichotsa manyaziwa. Ine ndasowa pogwira. Kodi timuyankhe mlembiyo? Timulipire winayu? Nanga n'chifukwa chiyani olemba za nyimbo amakweza munthu lero, mawa n'kumuponda? Kodi n'zoona kuti magazini amangosamala oyimba otchuka kale? Ndithandizeni.

Wa Bezi,
Chinamwali, Zomba

Mphwanga wa bezi,

Pepa ndi zimene zakugwerani. Kutsanulira thukuta ndi ndalama za njinga ya mnzako m'chimbale, kenako n'kuwerenga kuti ubwerere kukaphunzira, n'kowawa, ndipo sindikuuza kuti usamve kuwawa. Koma popeza wafunsa molunjika, nanenso ndiyankhe molunjika: uthenga wa pa Facebook uja musautumize, K60,000 ija musapereke, ndipo gulu lisathe.

Ndikufunse kaye. Chaka chatha mkuluyu atalemba kuti ndinu tsogolo la nyimbo za pa Malawi, alipo mwa asanu inu amene anati, "Koma ameneyu nyimbo amazidziwa?" Alipo amene anamuganizira kuti wadya za munthu? Ndikhulupirira palibe. Munamulandira ngati katswiri. Ndiye sizingatheke kuti munthu yemweyo, makutu omwewo, akhale katswiri pokutamandani koma mbuli ndi wansanje pokudzudzulani. Mukamukana lero, mukane ndi tsamba lili pakhoma kwa mayi ako lija.

Tsopano ziike pamodzi nkhani ziwirizo. Yoyamba anailemba atakuonani usiku umodzi pa bala, muli ndi nyimbo imodzi yokha yojambulidwa. Kuchokera pamenepo n'kulosera za tsogolo la nyimbo za dziko lonse! Umboni wake unali uti? Yachiwiriyi wailemba atamvera nyimbo khumi, ndipo watchula zinthu zimene iwe ndi ine tikhoza kutchera khutu n'kuona ngati zili zoona kapena ayi. Kunena mosapsatira, mwa nkhani ziwirizi imene inakuonongerani ndi yoyamba ija. Ndi imene inakuthamangitsirani ku situdiyo nyimbo zisanakhwime, ndi imene inagulitsitsa njinga. Yachiwiriyi yangokuwawani basi.

Wafunsa chifukwa chake amakweza munthu lero, mawa n'kumuponda. Kawirikawiri si nkhanza kapena nsanje, ndi mmene ntchito yawo imayendera. Wolemba za nyimbo salembera inu oyimba, amalembera owerenga, ndipo pamwamba pake pali mkonzi amene amafuna chatsopano m'kope lililonse. Gulu limene anthu sanalimvepo ndi nkhani palokha. Silisowa kuchita chodabwitsa, kungokhala latsopano n'kokwanira. Kuwonjezera apo, mlembi aliyense amalakalaka kudzatchulidwa kuti ndiye anatulukira gulu lakutilakuti, choncho amathamangira kulikuza mnzake wa magazini ina asanamutsogolere, ndipo pothamangapo mawu amakula kuposa chimene waona. Koma ulendo wachiwiri simukhalanso atsopano. Nkhani zotsala zimakhala ziwiri zokha: "akwera" kapena "agwa". Ndipo muyezo umene amakuyezerani sukhala wa gulu la zaka zitatu la ku Chinamwali, umakhala mawu aakulu aja amene iye mwini analemba.

Khalidwe limeneli linazika mizu kwambiri ku Britain, kumene kunali nyuzipepala za nyimbo zotuluka mlungu uliwonse monga New Musical Express, imene ambiri amangoti NME, ndi Melody Maker. Mlungu uliwonse pachikuto pankafunika nkhope, ndipo oyimba otchuka sakanadzaza milungu yonse 52 ya pachaka. Mu April 1992, Melody Maker inaika pachikuto gulu la ku London lotchedwa Suede n'kulitcha gulu latsopano loposa onse m'dzikomo, pomwe anyamatawo anali asanatulutse ngakhale nyimbo imodzi pamsika. Iwowo zinawayendera chifukwa nyimbo zokhwima anali nazo kale: chimbale chawo choyamba cha 1993 chinafika pa nambala 1 ndipo chinapata mphoto ya Mercury. Koma pa gulu limodzi lotere panali ena ambiri amene ankakwezedwa mwezi uno, mwezi winawo n'kumasekedwa m'masamba omwewo, mpaka eni dzikolo ankadandaula kuti nyuzipepala zawo zimamanga kuti zidzagumule.

Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ndi ya Black Kids, gulu la ku Jacksonville m'dera la Florida ku America. Mu 2007 anaika nyimbo zinayi pa intaneti kuti anthu azimvera ulere, ndipo magazini ya pa intaneti ya Pitchfork, imene nthawi imeneyo mawu ake ankalemera kwambiri kwa magulu ongoyamba kumene, inazitamanda ndi malikisi opitirira 8 pa 10. Posakhalitsa dzina lawo linali pakamwa pa aliyense, gululo lisanazolowere n'komwe kuyimba pamaso pa chikhamu. Chaka chotsatira anatulutsa chimbale chathunthu, Partie Traumatic, ndipo Pitchfork yomweyo inachipatsa 3.3. M'malo molemba ndemanga, inangoika chithunzi cha tiagalu tiwiri ndi kamawu kopepesa. Inu bola, wanu uja wakuuzani chimene sanakonde. Chimbalecho chinafikabe pa nambala 5 ku Britain, koma gululo linakhala mpaka 2017 lisanatulutse chachiwiri.

Alembi amaphonyanso podzudzula. Mu 1969 magazini ya Rolling Stone inachepsa chimbale choyamba cha Led Zeppelin, kunena kuti nyimbo zake n'zofooka. Mu 2003 magazini yomweyo inachiika pa nambala 29 pa mndandanda wake wa zimbale 500 zopambana. Ndikudziwa kuti wa ng'oma wanu akamva izi alumpha n'kuti, "Mwaonatu!" Adekhe. Si gulu lililonse lonyozedwa limene lili Led Zeppelin. Ambiri amanyozedwa chifukwa chimbale sichinakhwimedi. Choti mutolepo ndi mmene iwo anayankhira: chaka chomwecho anazungulira America kangapo akuyimba pamaso pa anthu, ndipo mu October anatulutsa chimbale chachiwiri chimene chinafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain komwe.

Zoti magazini amasamala kwambiri otchuka kale n'zoona, ndipo gwero lake ndi ndalama. Nkhope yodziwika imagulitsa kope, kope likagulidwa otsatsa malonda amabwera, ndipo ndi otsatsa malondawo amene amalipira pepala ndi inki. Ntchitoyi yakhala ikufota kuyambira pamene anthu anayamba kudzimverera okha nyimbo pa intaneti, osadikira wina kuti awauze ngati n'zabwino. Melody Maker, imene inayamba mu 1926, inatsekedwa mu 2000. NME inasiya kutuluka papepala mlungu ndi mlungu mu 2018, ndipo magazini ya Q inatha mu 2020. Kwathu kuno magazini olemba za nyimbo zokha sanachulukepo. Zambiri zimatuluka m'masamba a zaluso a nyuzipepala, pa wailesi ndi pamasamba a mchezo. Mtolankhani mmodzi yemweyo amalemba za nyimbo, zisudzo, mafilimu, ndakatulo ndi mipikisano ya achiphadzuwa, nthawi zina alibe ndi ya thiransipoti yomwe. N'chifukwa chake ukawerengetsa nkhani zambiri za oyimba kuno upeza kuti ndi zilengezo chabe: wakuti akhazikitsa chimbale Loweruka, pakhomo ndi ndalama zakuti, adzathandizidwa ndi akutiakuti. Munthu amene wakhala pansi, kumvera nyimbo khumi za gulu losatchuka la ku Zomba, n'kuwerenga kuti zisanu ndi imodzi zikufanana ndi za ena ndipo ziwiri mawu akusemphana, wakuchitirani chimene oyimba ambiri a msinkhu wanu sanachitiridwepo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale kuti ameneyu watsina ndi zikhadabo.

Ndiye chitani izi. Sankhani tsiku, mukhale pansi nonse asanu, popanda chibwenzi cha wina kapena m'bale wokuchemererani. Ikani chimbalecho, ndemanga ija ili patsogolo panu, ndipo mawu ake muwagawe patatu: zimene khutu lingatsimikize, zimene zili zokonda zake za mlembiyo, ndi zimene zili mwano chabe. Zoti mubwerere kukaphunzira ndi mwano wokometsera nkhani, zitayeni. Zinazo ziyeseni chimodzichimodzi.

Za ng'oma, iwe mwini sunakane kuti n'zapakompyuta. Zimachitika chifukwa kujambula ng'oma zenizeni kumafuna chipinda chabwino, maikolofoni angapo ndi nthawi yambiri, pomwe pulodyusa akhoza kuzipanga pakiyibodi mwachangu, ndipo masitudiyo ang'onoang'ono amakonda njira imeneyo chifukwa panja pali ena akudikira. Koma taganiza: mlembiyu anakukondani atakuonani pa bala, wa ng'oma wanu akuswa manganje ndi manja ake. Chimene chinamutenga mtima usiku umenewo munachisiya ku Zomba popita ku Blantyre. Ndikukayikanso ngati mkwiyo wa mnzakoyo uli pa mlembi yekha. Munthu amene gulu lake lajambula chimbale chonse iye atangokhala pampando kumvera makina akugwira ntchito yake amakhala ndi chakukhosi, ndipo n'kwapafupi kuchithira pa mlendo kusiyana ndi pa anzake odya nawo mbale imodzi. Pa mfundo imeneyi mlembi uja ali kumbali yake. Ukamuuze zimenezo.

Za mawu osemphana ndi zida, zimvereni nyimbo ziwirizo mosanamizana. Nyimbo khumi m'masiku anayi ndiye kuti woyimba ankalowa atatopa, mwina usiku, ndalama zikutha, aliyense akumuyang'ana kuti amalize msanga. Ngati mlembi wanena zoona, vuto ndi dongosolo lanu nonse, si mmero wa munthu mmodzi. Ndipo zimakonzeka: kubwereza mawu a nyimbo ziwiri n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi kujambula chimbale.

Mfundo yolemera ndi ya Black Missionaries. Palibe chamanyazi kuti mnyamata wokulira m'Malawi muno akagwira gitala kuti ayimbe rege, zala zake zizithamangira kumene anadutsa Evison Matafale ndi ana a kwa Fumulani. Zimbale zawo za Kuimba zalira m'maminibasi ndi m'mabala kwa zaka zoposa makumi awiri. Aliyense amaphunzira potsanzira. Matafale mwini anatenga rege wa ku Jamaica, ndipo kwawo ku Chileka komweko Daniel Kachamba kalelo anatenga nyimbo za kwela zimene anazimva ali mwana ku Salisbury, Harare ya lero. Koma onse awiriwa anapotoza chimene anatengacho mpaka chinasanduka chawo, moti nyimbo ikangoyamba umadziwa mwini wake. Wofuna kumvera Black Missionaries sangagule chimbale chanu, chifukwa eni ake alipo ndipo akuyimbabe. Ndiye m'malo molira nyimbo zisanu ndi imodzi, yang'anani zinayi zimene mlembiyo sanazinene kuti n'zobwereka. Ndikhoza kubetcha kuti ndi zimene muli manganje ambiri. Modziwa kapena mosadziwa, wakulozerani njira.

Tibwere ku uthenga wa pa Facebook. Magazini ija yawerengedwa ndi anthu ochepa kuposa mmene mukuganizira, ndipo ambiri mwa iwo aiwala kale. Amene akukusekani m'tauni achuluka m'mitu mwanumo kuposa mumsewu. Koma mukangoyambitsa nkhondo, anthu amene sanaione n'komwe adzaifunafuna kuti aone chimene chakupsetsani mtima, adzaijambula n'kumagawana pa WhatsApp, ndipo dzina lanu lidzadziwika ndi mkangano anthu asanamve nyimbo. Kunena kuti munthu wadya ziphuphu popanda umboni ndi kuipitsa mbiri, ndipo akhoza kukutengerani kukhoti. Komanso olemba za nyimbo m'dziko muno ndi ochepa. Amadziwana okhaokha, amadziwananso ndi oulutsa mawu komanso okonza maphwando a nyimbo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Nthawi yoyenera kuyankha ilipo. Mlembi akalakwitsa mfundo, monga kunena kuti nyimbo yakuti munaba pomwe munapeka nokha, kapena kukunamizirani khalidwe limene simunachite, lemberani mkonzi mwaulemu kuti akonze, ndipo akakana kuli bungwe la Media Council of Malawi lolandira madandaulo otere. Koma kusakonda chimbale si mlandu. Pa zimene wandiuzazi, yankho loyenera ndi la mizere itatu, lotumiza kwa iye mwini: kumuthokoza pomvera nyimbo zonse, kumuuza kuti mfundo zina mwazitola, ndi kumuitana kuti adzabwere pamene mukuyimba mwezi wamawa. Alembi anazolowera kutukwanidwa, gulu lowayankha chotere saliiwala. Ndipo kumbukira mmene ntchito yawo imayendera: pambuyo pa "agwa", nkhani yokoma kuilemba ndi yakuti "adzuka".

Za wa K60,000 uja ndifutukule pang'ono, chifukwa oyimba ambiri amagwera m'menemo. Kugula malo otsatsira malonda m'nyuzipepala kapena pa wailesi n'kololedwa: umalipira ku ofesi, amakupatsa lisiti, ndipo wowerenga amadziwa kuti akuona malonda. Kugula maganizo a mtolankhani kuti azioneka ngati ake ndi chinyengo kwa wowerenga, ndipo malamulo a ntchito ya utolankhani amaletsa. Si vuto la kuno kokha. Ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, zinaululika kuti makampani ankalipira oulutsa mawu mwamseri kuti aziika nyimbo zawo. Alan Freed, mmodzi mwa oulutsa otchuka kwambiri pa nthawiyo, anachotsedwa ntchito mu 1959, ndipo mu 1960 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhwimitsa lamulo kuti cholipiridwa chizilengezedwa poyera.

Koma ngakhale titasiya za malamulo, malondawa ndi oluza. Mtolankhani wogulitsa matamando amadziwika. Anzake, ma DJ ndi okonza maphwando amadziwa kuti kwa iyeyu chimbale chilichonse "ndi moto", ndiye mawu ake salemera kanthu kwa anthu amene mukufuna kuti akumveni. Mukalipira kamodzi mwalowa m'kaundula wa olipira, ndipo tsiku limene mudzalephere simudzalembedwanso. Pamwamba pa zonsezo, nkhani yogulayo sidzasintha ng'oma za m'chimbale. Muyankheni mwaulemu kuti ndalama mulibe, koma kulowa pakhomo ndi nyimbo zoti amvere n'zaulere. Kupatsa mtolankhani tikiti ndi chimbale ndi mwambo wa ntchitoyi kulikonse. Ngati K60,000 ilipodi, ikhale poyambira thumba lokajambuliranso nyimbo ziwiri mwa zinayi zija ndi ng'oma zenizeni.

Uyang'ane kumene anachokera ena amene lero alembi amawathamangira. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anayimba zaka zambiri m'misewu ndi m'misika ya mu Lilongwe ndi gitala ya zingwe zinayi ndi babatoni wopanga okha. Pamene anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, n'kudzatulutsa chimbale cha Wasalala ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva mu 2019, nyimbo zawo zinali zitayesedwa kale pa anthu odutsa ndi ulendo wawo, amene sachita manyazi kupitirira ngati sizikukoma. Alembi anabwera pambuyo. Nayenso Kachamba, pamene katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anamupeza pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu 1967, anali akuyimba m'misewu ya mu Blantyre. Ndemanga yabwino ili ngati mphepo kwa wopalasa njinga: ikamawomba kumsana ulendo umapepuka, koma ukasiya kupalasa umagwa ndithu.

Izi sizikutanthauza kuti muziwathawa alembi. Muwaphunzire. Iwo amafuna nkhani, ndipo mukapanda kuwapatsa yanu amakupekerani. Taona mmene nyuzipepala za kunja zinalembera za Malawi Mouse Boys, kapena za akaidi a kwanu konko a Zomba Prison Project, amene chimbale chawo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016: mbewa zogulitsa pamsewu ndi zipupa za ndende zinkatenga malo aakulu m'nkhanizo, nthawi zina kuposa nyimbo zenizenizo. Nkhani yotere imakudziwitsani kwa anthu, koma ikhozanso kukumatirirani moyo wonse. Sankhani nokha. Yanu ikhale yoona ndi yogwirika: manganje munawaphunzira kwa ndani, m'mudzi uti, ndipo mumawalumikiza bwanji ndi rege. Konzani tsamba limodzi lokhala ndi mayina anu olembedwa molondola, chida chimene aliyense amayimba, nambala ya foni imene imayankhidwa, ndi zithunzi ziwiri zooneka bwino. Tumizani nyimbo ziwiri zokha zimene mukuzidalira, milungu ingapo tsiku lokhazikitsa lisanafike, osati dzulo lake. Musaiwalenso wailesi zazing'ono za m'madera. Kumeneko woulutsa amakhala ndi mpata woika nyimbo ya gulu losadziwika, ndipo omvera ake ndi anthu amene angathe kubwera wapansi kudzakuonerani.

Woyimba wanu ukamuone kwawo, iwe wekha, osati gulu lonse ngati mukukazenga mlandu. Mwa nonsenu iye ndiye walozedwa chala payekha, ndipo mawu si gitala yoti ungati vuto ndi zingwe; akanyozedwa, munthu amamva kuti wanyozedwa yense. Ukamuuze kuti mlembi watchula nyimbo ziwiri, kutanthauza kuti m'zisanu ndi zitatu zinazo sanapeze chonena pa mawu ake. Za kaunjika usamuletse. Oyimba ambiri m'dziko muno amadyera geni kapena ntchito ina, ndipo gulu limene anthu ake ali ndi podyera silithamangira kujambula nyimbo zosakhwima chifukwa cha njala. Agulitse zovala masana, madzulo abwere ku mapulakatisi.

Mnzanu wa njinga uja musamuiwale. Chimene chimapasula magulu kawirikawiri ndi ndalama zosakambirana, osati alembi. Lembani papepala kuti aliyense anasonkha zingati, anapeka nyimbo iliyonse ndani, ndipo zolowa pakhomo muzigawana motani. Njinga ibwezedwe poyamba. Kenako kalembetseni nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni nyimbo ndi zaluso zina, kuti zikamaikidwa pa wailesi phindu lake lizifika kwa inu. Umwini umenewo palibe ndemanga imene ingakulandeni.

Mukakonza ng'omazo n'kumayimba mwezi ndi mwezi, tsiku lina wina adzakutamandaninso, mwina yemweyu, ndipo mawu ake adzakhala aakulu kuposa oyamba aja. Tsiku limenelo mudzakhalenso pansi asanu n'kuwagawa patatu monga ndakuuzira. Akadzati bezi ya m'nyimbo yachitatu ikuyenda bwino ndi ng'oma, mudzamvere n'kutsimikiza, ndipo mfundo imeneyo mudzaisunge. Akadzati ndinu opulumutsa nyimbo za dziko lino, mudzamuthokoze, koma tsiku lopita ku situdiyo mudzalisankhe nokha, nyimbozo zitayamba zayimbidwa pamaso pa anthu kwa miyezi ingapo, mutaona ndi maso anu kuti ndi ziti zimene zimawadzutsa pamipando.

Malume